Kuganiza kwambiri kuno ku Joni: zimene kumachita mu ubongo, ndi dobadoba amene anandidwalitsa

Achimwene, achemwali, kaya mwangotsika basi ku Park Station kaya mwatha zaka kuno: mukayamba kuiwala pamene mwaika makiyi, kudzidzimuka 2 koloko usiku mtima uli thithithi, kukalipira mwana pa foni popanda chifukwa, musafulumire kunena kuti kumudzi akulodzani. Ine ndinanena zimenezo ndipo zinanditayitsa miyezi.

Za mapepala mukuzidziwa. Pasipoti ya Malawi imakupatsani masiku 30 polowa. Mukapitiriza, potuluka amakuletsani kubweranso: chaka chimodzi ngati masiku owonjezerawo sanapose 30, zaka zisanu ngati aposa. Wolowa ngati mlendo sasintha kukhala wa pemiti ya ntchito ali momwemuno, kupatula pa zifukwa zapadera. Pemitiyo imafunsidwa muli kumudzi. Pasipoti ikatayika, pitani ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg.

Lamulo la kusintha pemitili ine sindinkalidziwa, koma dobadoba amene anandipusitsa ankalidziwa bwino. Mmalawi mnzathu, wa kutchalitchi komweko, wovala bwino, woitana aliyense kuti "akulu". Anati ali ndi munthu wake mkati, pemiti ituluka m'sabata ziwiri. Ndinampatsa malipiro anga a miyezi iwiri ndi pasipoti yeniyeniyo, m'manja, panja pa tchalitchi. Risiti sanandipatse, ndipo ndinachita manyazi kuipempha kwa munthu amene timaimba naye kwaya.

Sabata ziwirizo zinakhala miyezi isanu ndi iwiri. Lero bwana wake wapita ku tchuthi. Mawa makina sakugwira. Kenako pakufunika kena kowonjezera kuti fayilo isunthe, ndinaperekanso. Foni ankayankha akafuna. Masiku anga anatha pasipoti ili kwa iye, moti ngakhale kubwerera kumudzi sindikanatha. Galimoto ya polisi ikangokhota mumsewu wathu, ine ndinali nditafika kale m'maganizo ku Lindela, kosungira anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo. Uku mayi akuimba za feteleza, uku fizi ya mwana, ine ndikungoyankha kuti zili bwino. Kukhitchini kumene ndinkagwira ntchito ndinayamba kupsereza zakudya zimene ndinaphika kambirimbiri, oda akandiuza ndinkaiwala ndisanafike pa chitofu. Pasipoti itabwera inali ndi sitika yokongola, abwana ataifufuza anapeza kuti ndi yabodza. Ntchito inathera pomwepo. Nditamufunsa dobadoba uja, anandiyankha kuti, "Ndiye mukandinenera kuti, akulu, inu opanda mapepala?" Mawu amenewo mpaka lero amandiwawa kuposa ndalamazo.

Amene anandithandiza ndi nesi wa pakiliniki ina ya boma. Ndinapita chifukwa cha mutu, iye atayeza BP anandifunsa kuti ndinagona liti tulo tabwino komaliza. Ndi amene anayamba kunditchulira cortisol, homoni imene thupi limatulutsa munthu akapanikizika, ndipo kuchokera pamenepo ndakhala ndikuwerenga.

Mvetserani, chifukwa izi zikuchitika m'mutu mwanu. Mukaona choopsa, kachigawo ka ubongo kotchedwa hypothalamus kamatuma uthenga ku kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary, iko nkutuma ku tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, ito nkutulutsa cortisol m'magazi. Si poizoni ayi. Amakweza shuga kuti mupeze mphamvu, ndipo mwa munthu wabwinobwino amachuluka m'mawa pongodzuka nkutsika kwambiri pakati pa usiku. Akafika mu ubongo amalowa m'maselo otumizirana mauthenga, manyuroni, nkugwidwa ndi tizolandirira ta mitundu iwiri. Woyamba, MR, umamugwira mwamphamvu pafupifupi kakhumi kuposa winawo, choncho umakhala wodzaza ngakhale tsiku lamtendere. Wachiwiri, GR, umadikira kuti achuluke. Ntchito imodzi ya GR ndi buleki: kuuza ubongo kuti zakwana, leka kutuma. Mantha a mphindi khumi amatha chotero. Koma nkhawa ikakhala ya miyezi, buleki imatha kufooka.

Mu 1968, Bruce McEwen wa ku Rockefeller University ku New York anapeza kuti mahomoni amenewa amaunjikana kwambiri mu hippocampus, chigawo chosunga zimene mwangomva ndi njira zimene mwayenda. Patapita zaka, gulu lake linaonetsa kuti makoswe opanikizidwa tsiku ndi tsiku kwa sabata zitatu, nthambi za manyuroni awo a mu hippocampus zimafota ngati chimanga cha pa ng'amba. Mu 2002 gulu la Sumantra Chattarji ku Bangalore, ku India, linaona zosiyana mu amygdala, chigawo cha ubongo chimene chili ngati mlonda wa mantha: kumeneko nthambi zimachuluka. Nditawerenga zimenezi ndinadziona ndekha kukhitchini kuja, oda ndikuiwala koma kulira kwa sairini ndikukumva kutali. Inde, awo anali makoswe. Koma anthu odwala matenda a Cushing, amene thupi lawo limapanga cortisol wochuluka, nawonso hippocampus yawo imachepa, ndipo akachiritsidwa imabwererako ndithu. Makoswe aja akapumula nthambi za mu hippocampus zimaphukanso. Za mu amygdala ndizo zimakakamira.

Chimene chimayatsa kwambiri dongosolo limeneli ndi vuto losadziwika mathero ake, limene simungachitepo kanthu. "Bwerani mawa" wa dobadoba ndi vuto lotero ndendende. Nchifukwa chake ndikuti pasipoti yanu musapatse munthu aliyense, kaya ndi wakwanu, kaya ndi mkulu wa mpingo. Bola kumva choona chowawa pa ofesi yeniyeni kusiyana ndi kudikira bodza miyezi isanu ndi iwiri.

Tsopano zimene mukuchita zija, zimene ndimaziona m'zipinda zathu. Lekani kugonera mowa. Umakugwetsani msanga koma umadula tulo ta m'bandakucha, ndipo nawonso umakweza cortisol. Ufa wa mutu wa Grand-Pa uli ndi caffeine ndi aspirin; kuumwa katatu patsiku pamimba yopanda kanthu, nkutsirapo chakumwa chopatsa mphamvu pa shifiti ya usiku, ndi kudziputira zilonda za m'mimba. Mapilisi a tulo a mnzanu si anu. Za pa TikTok zoti zimatsuka cortisol musataye nazo ndalama.

Ichi ndiye chimandipsetsa mtima. Munthu waonda ndi nkhawa, Disembala yayandikira, akufuna kumudzi akamuone wonenepa, ndiye akugula dexamethasone kapena prednisolone pamsika. Achemwali ena akudzola mafuta oyeretsa khungu okhala ndi clobetasol kapena betamethasone thupi lonse. Mankhwala amenewo ndi abale ake a cortisol, amagwira GR yemweyo. Kunenepako ndi kutupa kwa nkhope ndi mimba, kotsagana ndi shuga, BP ndi kusowa tulo. Ndipo ngati mwamwa kwa sabata zingapo, musasiye lero lomwe: tiziwalo ta pa impso tija timakhala titagona, kusiya mwadzidzidzi kungakupheni. Tengani botololo mukaonetse kukiliniki, akuchepetsereni pang'onopang'ono.

Kupemphera pempherani, inenso ndimapemphera. Koma wokuuzani kuti mupereke ndalama ya mafuta odzozedwa kuti tulo tibwere, ndi dobadoba winanso.

Kukiliniki pitani m'mawa kwambiri ndi chiphaso chilichonse chimene muli nacho. Ndime 27 ya malamulo aakulu a South Africa imati aliyense ali ndi ufulu wofikira chithandizo cha zaumoyo, ndipo wodwala mwakayakaya sakanizidwa. Mukalowa musangoti mutu. Nenani kuti simukugona, kuyambira liti, mukumwa chiyani. Ayeze BP ndi shuga. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, imbani ku SADAG, bungwe lothandiza ovutika maganizo, pa 0800 567 567, ndi yaulere, ndipo muuze munthu mmodzi wa m'nyumbamo usiku womwewo.

Akumudzi auzeni zoona, abale anga. Tsiku limene ndinauza mayi kuti ntchito yatha ndipo feteleza chaka chino sindikwanitsa, analira, kenako anati, "Bola uli moyo, mwanawe." Usiku umenewo ndinagona mpaka kucha. Kukumbukira kunabwerera patapita miyezi, ndikudzuka nthawi imodzimodzi ndi kuyenda wapansi madzulo. Galimoto ya polisi ikadutsa, mtima umadumphabe.

Munthu uja akadali kutchalitchi komweko. Lamlungu lina ndinamuona ataima pakhomo ndi mnyamata wofika kumene, envulopu ili m'manja mwa mnyamatayo. Ndinapita nkumugwira mkono mwanayo, ndinamuuza zonse iye ali pomwepo akumva.