Kaonedwe ka Tsitsi pa Maikulosikopu

Tsitsi likamaoneka ngati kamzere kakuda basi, vuto limakhala kakonzedwe kake ndi kuwala.

Dulani tsitsi lotalika sentimita imodzi, mulipukute ndi spiriti kuti mafuta odzola achoke. Ligonekeni pa galasi, donthezanipo dontho limodzi la madzi, n'kuvindikira ndi kagalasi kopyapyala mopendeketsa kuti pasatsale thovu. Yambani ndi lenzi ya 4x, mukupotokola chosendezera chachikulu mpaka tsitsi lioneke. Mukafika pa 40x gwiritsani chaching'ono chokha, apo ayi lenzi iswa galasi. Pamodzi ndi lenzi ya kudiso ya 10x, tsitsilo lakula ka 400.

Pakatikati pali medulla, kamzere kamene m'tsitsi la munthu kamadukaduka, pena kulibiretu. Mozungulira ndi cortex, momwe muli melanin wopereka mtundu. Tsitsi lakuda bii limatchinga kuwala, ndiye tsegulani diaphragm (kachipangizo ka kunsi kwa galasi koonjezera kapena kuchepetsa kuwala), kapena pemphani imvi kwa agogo, zimaoneka bwino kwambiri.

Kunja kuli cuticle, timamba tosanjikizana ngati ta nsomba. M'madzi sitioneka bwino. Pakani polishi wa zikhadabo wopanda mtundu pa galasi, gonekanipo tsitsi, akauma mulisolole pang'onopang'ono, muone chidindo chotsalacho pa 10x mutachepetsa kuwala.