Kuchoka pa wodi kulowa m'kafukufuku wa zaumoyo: poyambira ndi pati?

Ndinagwira ntchito ya unamwino pa wodi ya ana zaka zisanu ndisanaonepo protocol, chikalata chofotokoza mmene kafukufuku ayendere, ndi maso anga. Tsiku lina kunabwera anthu a kafukufuku wa malungo, akufuna namwino woti aziwatengera magazi ndi kudzaza mafomu. Ndinavomera chifukwa malipiro anali abwinoko, palibe chobisa. Lero ndimayendetsa kafukufuku wanga wamng'ono, ndipo anamwino, ma clinical officer ndi anzathu a ku labotale amakonda kundiimitsa pakhonde kundifunsa kuti, "Asisita, inu munalowa bwanji?" Yankho langa ndi lalitali, ndiye ndaona kuti ndililembe kamodzi.

Kulowa sikovuta. Malawi ali ndi mabungwe a kafukufuku ambiri ndithu poyerekeza ndi kukula kwa dziko. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, imene tonse timangoti MLW, kuli Johns Hopkins Research Project ndi Blantyre Malaria Project, onsewa ali pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth. Ku Lilongwe kuli UNC Project, pa Kamuzu Central. Ku Chilumba m'boma la Karonga kuli MEIRU, imene inayamba kalekale ngati kafukufuku wa khate. Amalemba anthu ntchito kawirikawiri. Chovuta ndi kukula utalowa. Munthu akhoza kutha zaka khumi akutenga magazi ndi kudzaza mafomu, kontrakiti ikatha nasaka ina, koma osadziwa kuti funso limene magaziwo akuyankha ndi lotani. Ine ndinatha zaka zinayi ndili chomwecho.

Ndiye musanayambe kusaka sukulu, yambani mwapeza funso lanu. Funso labwino silichokera m'buku, limachokera pa bedi la wodwala. Taganizirani za sikelo imene timayezera mwana wokomoka, Blantyre Coma Score. Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anaikonza chifukwa sikelo ya akuluakulu imafuna wodwala woyankhula, pamene mwana wa chaka chimodzi sangakuuzeni dzina lake ngakhale ali bwinobwino. Inasindikizidwa mu 1989, ndipo lero ikugwira ntchito m'mayiko ambiri. Pa wodi yomweyo anthu anakhala zaka akudabwa kuti mwana wa malungo a mu ubongo amafa ndi chiyani kwenikweni, popeza mankhwala a malungo amakhala atalandira. Makina a MRI atafika, zotsatira zimene zinatuluka mu 2015 zinaonetsa kuti ana ambiri amene anamwalira ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Uku ndiye kumene amati translational research: nzeru kuchoka pa bedi kupita ku labotale, kubwereranso pa bedi, mpaka kukafika pa desiki ya a Unduna wa Zaumoyo. Katemera wa typhoid anayenda njira yomweyi. Anamuyesa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ndipo mu 2023 analowa m'ndondomeko ya katemera ya dziko lonse.

Gulani kabuku kakang'ono kokwana m'thumba la yunifolomu. Chilichonse chokudabwitsani pa ntchito, lembani tsiku lomwelo. Funso langa loyamba linali ili: bwanji ana amene tawatulutsa atapatsidwa magazi, ena amabweranso patangotha miyezi iwiri ali oyererako ngati poyamba? Ndinalilemba usiku wina nditaona mayi amene ndinamudziwa nkhope akulowanso ndi mwana yemweyo kumbuyo. Funso limenelo ndi limene linandipezera mlangizi, ndipo pambuyo pake sukulu.

Pepala loyamba limene aliyense adzakufunsani ndi satifiketi ya GCP (Good Clinical Practice), malamulo oyendetsera bwino kafukufuku wokhudza anthu. Imeneyi musalipire munthu. The Global Health Network ili ndi maphunziro a ICH-GCP aulere pa intaneti, mumawerenga, kuyankha mafunso, satifiketi nkutuluka. TRREE nayo ili ndi maphunziro aulere a malamulo oteteza anthu olowa m'kafukufuku. Bandulo ya sabata imodzi imakwanira, ndipo foni ndi yokwanira ngati mulibe laputopu. Mapulojekiti ambiri amafuna kuti mubwereze pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, choncho sungani tsiku limene munalembera.

Koma satifiketi ndi pepala chabe. GCP yeniyeni ndinaiphunzira tsiku limene monitor, munthu wobwera kudzaona ngati kafukufuku akutsata malamulo, anakhala ndi mafayilo athu masiku atatu. Anapeza fomu ya chilolezo imene mayi wina anadinda chala, mboni inasayina, koma tsiku ndinalemba ndine m'malo mwa mboniyo, chifukwa anthu anali ambiri pa benchi ndipo ndinkathamanga. Anandiitana nandifunsa modekha kuti, "Tingadziwe bwanji kuti mboniyi inalipo pamene mayiwa ankafotokozeredwa?" Ndinasowa choyankha. Tinalemba lipoti, ndipo tinayenda ulendo wa ola lathunthu pa msewu wafumbi kukawafotokozeranso mayi aja. Titafika, apongozi awo anandikhazika pa mkeka nandifunsa kuti, "Mwana wanga, magazi a mdzukulu wangayu mukupita nawo kuti, ndipo otsalawo mumatani nawo?" Ndinazindikira kuti ine ndemwe sindinkadziwa bwinobwino. Usiku umenewo ndinapempha protocol yonse ndipo ndinaiwerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Chitani zimenezi sabata yoyamba, musadikire kulakwitsa. Protocol si chinsinsi kwa wogwira ntchito m'kafukufukuyo. Werengani gawo la cholinga, la amene akuloledwa kulowa ndi amene sakuloledwa, ndi gawo lofotokoza chifukwa chimene asankhira chiwerengero cha anthu chimenecho. Pamene simunamve, chongani ndi pensulo, mukafunse. Dziwaninso amene anavomereza kafukufukuyo: kuno kwathu ndi makomiti oteteza anthu olowa m'kafukufuku, COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) kapena NHSRC ya ku Unduna, ndipo ngati ndi woyesa mankhwala kapena katemera, a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, nawo amaikapo dzanja. Mukadzafuna kuchita wanu, makomo ake ndi omwewa, ndiye ndi bwino kuona mmene ena anadutsira. Pemphani kuti muzithandiza kukonza mapepala opita ku komitiyo. Ndi ntchito yotopetsa imene ambiri amaithawa, koma mukaichita kawiri mudzakhala mutadziwa zimene ena amakaphunzira ku Masters.

Pali luso limodzi limene limasiyanitsa wotolera deta ndi wofufuza, ndipo ndi kutha kuifunsa detayo. Ambiri a ife timadziwa kulowetsa mayankho mu ODK kapena REDCap pa tabuleti, tikadina "save" basi zathera pomwepo. Pitani kwa data manager mumupemphe kuti akuonetseni kumene mayankho aja amakagwera. Kenako ikani R, pulogalamu yosanthulira deta, pa kompyuta. Ndi yaulere, pamene Stata imafuna layisensi ya ndalama. Mwezi woyamba mudzafuna kuitaya, ine ndinkalira nayo ndithu, koma musathamangire zovuta. Tengani kaundula wa pa wodi panu, mutapempha chilolezo ndipo mutachotsa mayina, muwerengetse kuti ana angati anagonekedwa mwezi uliwonse, angati anapatsidwa magazi, angati anamwalira. Jambulani girafu imodzi. Mukaionetse pa msonkhano wa m'mawa. Tsiku limene ndinachita zimenezi, dokotala wamkulu amene kwa zaka zitatu ankangonditchula kuti "asisita" anafunsa dzina langa.

Za kuwerenga ndingonena mwachidule. PubMed, tsamba losakirapo zolemba za kafukufuku wa zaumoyo, ndi yaulere. Zolemba zotsekedwa mungazipeze kudzera ku Hinari ya Research4Life ngati bungwe lanu linalembetsa, funsani a ku laibulale. Sungani zimene mwawerenga mu pulogalamu ya Zotero kuyambira lero. Kumene kuli journal club, msonkhano wokambirana mapepala a kafukufuku, pitani, ndipo kachitatu dziperekeni kuti mufotokoze pepala ndinu.

Tsopano nkhani ya mlangizi, imene ine ndimaiona kuti ndiyo mutu wa zonse. Anthu ambiri amalakwitsa kafunsidwe. Amalemba kalata yoti, "Ndikufuna mukhale mentor wanga," kwa pulofesa amene ali ndi ophunzira khumi ndi awiri ndi ulendo wa ku Geneva mawa. Kalata yotere siyankhidwa. Ine ndinadikira dokotala wina atamaliza kuzungulira wodi, ndinamutsatira ndi kabuku kanga ndi girafu ija, ndikuti, "Adokotala, ndili ndi ana makumi atatu amene anabwereranso atapatsidwa magazi. Mungandipatse mphindi khumi mundiuze ngati pali nkhani apa?" Mphindi khumi zija zinasanduka ola. Pitani ndi kanthu m'manja, funsani chinthu chimodzi, ndipo chimene wakuuzani kuti muchite, chitani musanabwererenso. Komanso musangoyang'ana mapulofesa okha. Wophunzira wa PhD amene wangotsogola zaka zitatu amakumbukira bwino kumene kuli minga, ndipo amayankha WhatsApp.

Dzina lanu pa pepala: apa ndiyankhule mosapsatira. Kafukufuku wanga woyamba uja atasindikizidwa, ndinapeza kuti ife amene tinagona pa wodi ndi ana aja tinangothokozedwa pa mzere umodzi kumapeto, monga "gulu la anamwino". Zinandiwawa, ndipo mpaka lero ndimaona kuti sizinali bwino. Koma ndinaphunzira malamulo ake. A ICMJE, komiti ya akonzi a magazini imene malamulo ake magazini ambiri a zachipatala amatsatira, amati wolemba ndi amene wathandiza kwambiri kukonza kafukufuku, kutolera kapena kusanthula deta, ndipo watenganso mbali polemba kapena kukonza pepalalo, walivomereza, ndipo ali wokonzeka kuliyankhira. Amanenanso kuti amene wagwira gawo loyambalo apatsidwe mpata wotenga mbali polemba. Ndiye funsani poyambirira, kafukufuku asanathe: "Ndichite chiyani kuti ndikhale nawo pa olemba?" Funsaninso ngati pali kafunso kakang'ono m'deta yomweyo kamene mungalembe inuyo monga wolemba woyamba. Akuluakulu ambiri amavomera akafunsidwa, koma ndi ochepa amene amayamba okha kukuitanani.

Kafunso kameneko kaperekeni kaye pa Research Dissemination Conference ya ku KUHeS, imene imachitika chaka ndi chaka. Kenako lembani pepala. Malawi Medical Journal ndi poyambira pabwino, imapezeka pa PubMed. Chenjerani ndi maimelo okutamandani, olonjeza kusindikiza pepala lanu m'masiku asanu mukalipira madola. Magazini yotere imadetsa CV. Yang'anani kaye ngati ili pa DOAJ, mndandanda wa magazini ounikidwa owerengedwa mwaulere, kapena pa PubMed, ndipo funsani mlangizi wanu. Tsegulaninso ORCID, nambala yozindikiritsa wofufuza, ndi yaulere, kuti ntchito zanu zisasokonezeke ndi za a Banda kapena a Phiri ena ambirimbiri.

Sukulu ibwere pamenepa, osati poyamba. KUHeS, imene inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ili ndi Master of Public Health ndi maphunziro a epidemiology, ndipo ambiri amaphunzira akugwira ntchito. MLW imatenga achinyamata pa ma internship okonzekera Masters ndi PhD, kumene umakhala pansi pa wofufuza wamkulu uku ukukonza pempho lako. Amene ali m'maofesi a zaumoyo a m'maboma afunse za FETP, maphunziro ofufuza matenda ndi miliri m'madera, ku Public Health Institute of Malawi. Za kunja zilipo: Commonwealth ili ndi thandizo la kukaphunzira ku Britain komanso la kuphunzira uli kwanu, ndipo London School of Hygiene and Tropical Medicine ili ndi Masters ya clinical trials ndi ya epidemiology yophunzira pa intaneti. Chevening, thandizo linanso la kukaphunzira ku Britain, imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka ziwiri ndipo mubwerere kwanu mukamaliza. Beit Trust imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, choncho opikisana nawo ndi ochepa kusiyana ndi kwina. TDR ya WHO, EDCTP ndi Fogarty ya ku America amalipirira maphunziro a ofufuza, ndipo CARTA imathandiza ogwira ntchito m'mayunivesite kuchita PhD. Malamulo ndi masiku otsekera amasintha, makamaka masiku ano pamene thandizo la kunja likugwedezeka, ndiye onani pa tsamba lawo lenileni, musadalire uthenga woyenda pa magulu a WhatsApp.

Pofunsira thandizo la sukulu, kawiri ndinakanidwa. Kalata zanga zoyamba zinkanena kuti ndimakonda kuthandiza anthu kuyambira ndili mwana, ndipo ndikhulupirira kuti owerengawo anaona kalata zotere mazanamazana. Yachitatu inayamba ndi ana makumi atatu aja, girafu, pepala limodzi limene linatuluka, ndi luso lenileni limene ndinkasowa kuti ndiyankhe funsolo. Imeneyo inadutsa. Yambani kukonza miyezi itatu tsiku lotsekera lisanafike, chifukwa transcript imachedwa kutuluka, pasipoti nayonso, ndipo okulemberani kalata za umboni amafuna kukumbutsidwa kangapo. Atumizireni CV yanu ndi ndime imodzi yofotokoza zimene mukufunsira, kuti asalembe za mumlengalenga.

Chinthu china chimene anzanga amaiwala akalowa m'kafukufuku ndi layisensi. Musaisiye kufa. Pitirizani kulipira ku Nurses and Midwives Council kapena ku Medical Council of Malawi, ndipo maphunziro amene mukuchitawa funsani ngati angawerengedwe pa CPD, maphunziro opitilira amene amafunika pokonzanso layisensi. Makontrakiti a kafukufuku amatha, nthawi zina mwadzidzidzi. Ine ndimagwirabe pa wodi Lachisanu lililonse masana, kabuku kali m'thumba. Mwezi watha ndinalembamo za amayi atatu amene anasiya kubweretsa ana ku sikelo atangosamukira kutsidya kwa mtsinje, ndipo Lolemba ndikukumana ndi HSA wa dera limenelo kuti tione kaundula wake.