Mmene mungafufuzire mawu ovuta achingerezi a m'mapepala a nyumba

Ambiri a ife kuno ku Harare, makamaka amene makolo anatisiyira nyumba ku Mbare, Highfield kapena Mufakose, timakumana ndi chingerezi chomwe kusukulu sitinachionepo, cession, usufruct, voetstoots, ndiye munthu umangosaina poopa kuoneka mbuli. Chonde abale musatero, nyumba imatha kupita chifukwa cha liwu limodzi.

Poyamba jambulani ndi foni chiganizo chonse, osati liwu lokhalo, chifukwa tanthauzo limadalira mawu oyandikana nalo.

Kenako fufuzani kuti liwulo linachokera chilankhulo chanji, apa ndi pamene pagona nkhani. Malamulo a Zimbabwe ndi a Roman-Dutch, osakaniza a Chiroma ndi a Chidatchi, anatengedwa ku Cape Colony ku South Africa mu 1891, pomwe kumudzi ku Malawi amatsata a ku England, nde musadabwe mukafunsa m'bale wophunzira bwino ku Blantyre iye nkuyankha kuti voetstoots sanaimvepo. Ndi Chidatchi chimenecho, chimanena za kukankha ndi phazi, kutanthauza kuti mwagula chinthucho mmene chiliri, denga likayamba kudontha ndi zanu. Mawu oterewa dikishonale yakusukulu ija nthawi zambiri ilibe, yesani Dictionary of South African English, ili pa intaneti ndipo ndi yaulere.

Liwu likakhala la Chilatini liduleni pawiri. Usufruct ndi usus, kugwiritsa ntchito, ndi fructus, chipatso. Agogo akapatsidwa usufruct angathe kukhala m'nyumbamo, kutolera renti ya maloja mpaka kumwalira, koma kugulitsa ayi chifukwa mwini wake ndi wina. Mukaliduladula chonchi simungaliiwalenso. Mawebusaiti a Etymonline ndi Wiktionary amathandiza pa ntchito imeneyi, ndipo sadya data yambiri. Mawu ambiri akukhoti mupeza kuti anadzera ku Chifalansa, kuyambira pamene a Norman ochokera ku France analanda England mu 1066, mortgage ndi limodzi mwa amenewo.

Oopsa kwambiri kwa ine ndi mawu ooneka ophweka koma ali ndi tanthauzo lakalekale. Mu pasipoti ya ku Britain muli mawu akuti without let or hindrance, tonse timadziwa let ngati kulola koma apa ndi liwu lina lakale lotanthauza kutsekereza, zosiyaniratu. Chiganizo chikamveka chokhota ngakhale mawu onse mukuwadziwa, kayikirani pomwepo. Oxford English Dictionary ndiyo imasanja matanthauzo motsata zaka, ndi yaikulu zedi, ya 1989 ili ndi mavoliyumu 20, kungoti ya pa intaneti zambiri zimafuna kulipira.

Koma chiyambi cha liwu sindicho lamulo. Cession inachokera ku Chilatini cedere, kusiyira wina, zoona, koma mbiriyo siingakuuzeni kuti pa cession mwalandira ufulu wa wogulitsayo basi, title deed, chikalata chaumwini wa nyumba, m'dzina lanu mulibe. Ngati pepalalo likukhudza nyumba kapena chuma cha masiye, pitani nalo kwa loya musanasaine, ndalama zikavuta kuli Legal Aid Directorate ya boma, ndipo mutenge mawu onse munajambula aja mukafunse limodzilimodzi.