Momwe mungachotsere mawaya a mapulagi akakakamira, osawadula

Izi ndi za galimoto zakale zokhala ndi distributor (chipangizo chogawa moto ku mapulagi kudzera m'mawaya), monga Corolla ya injini ya 4A-FE kapena 5A-FE. Ngati yanu ndi Vitz kapena Sienta, mawaya oterewa mulibe, pulagi iliyonse ili ndi koyilo yake.

Yambani injini itazizira, makamaka m'mawa musanailize. Matani kapepala pa waya aliyense, 1 mpaka 4, kuyambira mbali ya lamba wa timing, ndipo jambulani pa foni momwe alowera pa kapu ya distributor. Injinizi zimapereka moto ku masilinda motsata ndondomeko ya 1-3-4-2, ndiye mukasinthanitsa awiri, galimoto ingonjenjemera kapena kukana kulira.

Tsono apa mpomwe pali nkhani. Waya sakokedwa. Gwirani labala yokhuthala ya pamwamba pa dzenje la pulagi, ipotokoleni kumanja ndi kumanzere pang'onopang'ono mpaka mumve kuti yamasuka, kenaka muzule molunjika m'mwamba. Labala ikakhala zaka zambiri pamoto wa injini imauma n'kumamatira pa pulagi ngati yomatidwa ndi guluu. Ikakana, thirani silicone spray m'mbali mwake, mudikire mphindi 10.

Ine ndinalakwitsa pa waya wachitatu. Ndinatopa, ndikukoka waya weniweniwo, uwo thothoke! Kachitsulo ka kumapeto ndi theka la labala zinatsalira pansi pa dzenje, pomwe chala sichifika. Pulayala yakamwa lalitali inangonyotsola tizidutswa. Chomwe chinandipulumutsa ndi sipoko ya njinga: ndinaipinda kunsonga ngati mbedza, ndikuilowetsa pakati pa labala ndi khoma, kuzungulira nayo, mpaka labala inatuluka yonse. Zinanditengera pafupifupi ola lathunthu. Zikakuchitikirani, musamasule pulagi tizidutswa tikadali m'dzenjemo. Uziranimo mpweya ndi mpope wa matayala kaye kuti tituluke, apo ayi tigwera mu silinda.

Mukapeza oyilo m'dzenje, dziwani kuti gasket ya chivundikiro cha pamwamba ikudontha, ndipo oyiloyo ndi amene amafufumitsa labala. Musinthe, mukapanda kutero mawaya atsopano aonongekanso.

Pogula, tengani waya wakale mukayerekeze kutalika. Samalani ndi mawaya otchipa kwambiri omwe ali m'bokosi lolembedwa NGK (dzina la kampani yopanga mapulagi ndi mawaya) koma zilembo zake zosaoneka bwino. Amene ndinagulapo pamsika sanathe miyezi itatu, usiku moto unkaoneka ukudumpha pa injini. Ochotsa pa galimoto zophwasula amakhala bwino nthawi zina, koma apindeni muone ngati sakung'aluka, ndipo wokhala ndi multimeter (kachipangizo koyezera zamagetsi) ayeze: waya asapitirire 25 kΩ (ma kilo-ohm 25). Kugula seti yonse kumapweteka m'thumba, komabe wina akauma, anzakenso ali m'njira.

Kubwezeretsa n'kosavuta. Pakani dielectric grease (girisi wa zipangizo zamagetsi) pang'ono m'kati mwa labala, kanikizani mpaka mumve kuti thwa, mmodzimmodzi motsata manambala aja, kenaka lizani.