Masiku 14 oyamba a Ogasiti: malangizo kwa makochi a futbo yakusekondale ku America

Kochi akangopatsidwa timu ya futbo pasukulu ya sekondale ku America, mtima wake umathamangira ku Lachisanu madzulo, nthawi imene matimu amapikisana. Amaona kale magetsi a pabwalo atayaka, ana a bandi akuliza malipenga, makolo atadzaza m'mipando, iye ali chilili m'mphepete mwa bwalo akulozaloza. Palibe cholakwika kulota zimenezo. Koma lero tiyeni tikambe za Ogasiti, mwezi umene pabwalo sipakhala woonerera ndi mmodzi yemwe, dzuwa likuswa mtengo, anyamata atangochokera kutchuthi chachitali chimene ambiri achithera m'nyumba zoziziritsidwa ndi makina. Ana ambiri amene amafa ndi kutentha pamasewera amenewa amagwa m'masiku oyambirira a zokonzekera, ndipo mwezi wake ndi womwewu.

Kwa amene sanawaonepo, awa ndi masewera a mpira wooneka ngati dzira, wogwira ndi manja, osewera 11 mbali iliyonse, ndipo kugundana ndi kugwetsana n'kololedwa. Kusekondale amasewera makota anayi a mphindi 12. Zigawo zambiri za dzikolo zimatsatira malamulo a NFHS, bungwe la ku Indianapolis lolemba malamulo a masewera a kusekondale, ndipo chaka chilichonse anyamata pafupifupi miliyoni imodzi amalowa m'bwalo. Wosewera amavala chisoti cholimba, zotchinga mapewa ndi chifuwa, zotchinga ntchafu ndi mawondo. Zovala zimenezi zimateteza mafupa, koma zimatsekereza kutentha m'thupi ngati chivindikiro pamphika. Amene zimawavuta kwambiri ndi anyamata ojintcha a pamzere wakutsogolo, otchedwa ma lineman, poti thupi lalikulu limapanga kutentha kochuluka koma limachedwa kukutaya.

Musaganize kuti zimagwera ofooka okha. Korey Stringer anali chiphona cha timu ya Minnesota Vikings, wa zaka 27, wolipidwa ndalama zambiri, madokotala ali pafupi. Anakomoka pazokonzekera ku Mankato pa 31 Julayi 2001 ndipo anamwalira tsiku lotsatira, thupi lake litatentha kupitirira madigiri 108 a Fahrenheit. Mu 2008 ku Louisville m'chigawo cha Kentucky, mnyamata wa zaka 15 anamwalira atakomoka pothamanga, ndipo kochi wake anaimbidwa mlandu wopha munthu mosasamala. Khoti linamupeza wosalakwa mu 2009, koma ndani angafune kudutsa njira imeneyo, kuima pamaso pa mayi wa mwanayo?

Thupi limazolowera kutentha, kungoti limafuna masiku. Mwana akamachita masewera padzuwa tsiku ndi tsiku, madzi a m'magazi ake amachuluka, amayamba kutuluka thukuta msanga, thukutalo limakhala lambiri koma losatenga mchere wochuluka, ndipo mtima sugunda mothamanga kwambiri pantchito yomweyo. Zonsezi zimatenga pafupifupi masabata awiri. N'chifukwa chake mu 2009 NATA, bungwe la akatswiri osamalira thanzi la osewera (ma athletic trainer), pamodzi ndi mabungwe ena, linatulutsa ndondomeko ya masiku 14 ya sukulu za sekondale. Ilembeni papepala, muimate pakhomo la chipinda chosinthira zovala, kuti makochi othandizira nawonso aziiona.

Tsiku loyamba ndi lachiwiri ana avale chisoti chokha, popanda zotchinga zina. Kuyambira tsiku lachitatu mpaka lachisanu awonjezere zotchinga mapewa, ndipo angathe kugunda zidole zophunzirira kugwetsa kapena kukankha chikuku. Zovala zonse ndi kugundana kwenikweni ziyambe tsiku lachisanu ndi chimodzi. M'masiku asanu oyambawo musachite masewera kawiri patsiku, ndipo asapitirire maola atatu, kuwerengera zonse, kutenthetsa thupi, kudziwongola ndi kunyamula zitsulo komwe. Mukafuna kuwayendetsa pang'onopang'ono pabwalo powaphunzitsa malo awo, ola limodzi lakwana, opanda zovala zotchinga, ndipo papite maola atatu a mpumulo pamalo ozizira. Kuchokera tsiku lachisanu ndi chimodzi mungachite kawiri patsiku, koma zonse pamodzi zisapitirire maola asanu, ndipo tsiku lotsatira likhale la kamodzi kapena lopuma.

Pali chinthu chimodzi chimene makochi ambiri amachilumpha. Masiku amenewa amawerengedwa pa mwana aliyense payekha. Mnyamata amene wabwera mochedwa chifukwa banja lake linali paulendo, anzake ali patsiku lachisanu ndi chitatu, iyeyo ali patsiku loyamba. Avale chisoti chokha, ngakhale atakhala katswiri amene timu yonse ikumudalira, ngakhale iye mwini atadandaula. Chimodzimodzi wodzuka kumene pamatenda, makamaka amene anatsegula m'mimba kapena kutentha thupi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Nanga mudziwa bwanji kuti lero kwatentha mopyola? Musadalire foni yokha. Zimene foni imaonetsa zimayezedwa pamthunzi, mwina kutali ndi sukulu yanu, pomwe ana anu ali padzuwa, ndipo ngati bwalo lanu ndi la udzu wopanga, pansipo pamatentha kuposa pa udzu womera. Chipangizo choyenera ndi cha WBGT, chimene chimaphatikiza kutentha kwa mpweya, chinyontho, mphepo ndi ukali wa dzuwa. Chinyontho n'chimene chimapusitsa anthu, chifukwa mpweya ukadzaza nthunzi thukuta siliuma, ndipo thukuta losauma siliziziritsa munthu. Chigawo cha Georgia chinakhazikitsa lamulo lake mu 2012, ndipo ena ambiri atengerako: WBGT ikafika pakati pa madigiri 87 ndi 89.9 a Fahrenheit masewera asapitirire maola awiri. Pakati pa 90 ndi 92 ola limodzi lokha, popanda zovala zotchinga ndiponso popanda kuthamangitsa ana kolimbitsa thupi. Ikapitirira 92, amene ndi pafupifupi madigiri 33 a Celsius, kunja kusakhale masewera. Funsani bungwe la masewera la chigawo chanu manambala ake, poti ana a kumpoto, osazolowera dzuwa, malire awo amakhala otsika. Yezani musanayambe, muyezenso masewera ali mkati, mulembe m'buku. Ndipo ngati n'kotheka sunthani nthawi, muziyamba m'mamawa kapena dzuwa litapendeka.

Za madzi sindichulukitsa, aliyense akudziwa kuti mwana asamanidwe madzi. Komabe yezani ana pasikelo asanayambe ndiponso akamaliza. Kilogalamu imodzi yotayika ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi, ndipo amene wataya zoposa magawo awiri pa 100 a kulemera kwake abwezeretse asanabwerenso mawa lake. Mkodzo wakuda ndi chizindikiro choti madzi achepa. Koma musawaumirizenso kumwa mopyola ludzu lawo, chifukwa madzi ochulukitsa amasungunula mchere wa m'magazi, ndipo zimenezo nazo zaphapo ana.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Tsiku lina, ngakhale mutachita zonsezi, mwana adzayamba kudzandira. Adzayankha zosagwirizana, adzaiwala malo ake, mwina adzatukwana kochi pomwe ndi mwana waulemu, mwina adzasanza n'kugwa. Musadikire kuti khungu lake liume. Ambiri amakhulupirira kuti wogwidwa ndi kutentha koopsa amasiya kutuluka thukuta, koma pamasewera nthawi zambiri amakhala ali nyowe. Chimene chimaonetsa ngozi ndi kusokonezeka kwa mutu pamodzi ndi kutentha kwa m'kati mwa thupi kopitirira madigiri 104 a Fahrenheit, amene ndi 40 a Celsius. Choyezera cha pamphumi, cha m'khutu kapena cha m'kamwa chimanama pa munthu wotuluka thukuta; chodalirika ndi choyezera kumalo otulukira chimbudzi, ndipo imeneyo ndi ntchito ya athletic trainer kapena wachipatala. Nkhaniyi muikambe ndi makolo pamsonkhano woyamba, asadzadabwe patsikulo. Ngati palibe woyeza, mwana wasokonezeka mutu padzuwa, mutengeni kuti ndi kutentha basi.

Wina aimbe 911, nambala yoitanira ambulansi, koma inu musaime n'kumayang'ana kumsewu. Muvuleni chisoti ndi zotchinga, mumuike m'bafa la madzi ozizira a ayezi mpaka m'chifuwa, wina amugwire ndi thaulo lodutsa m'khwapa kuti mutu usamire, wina azivundula madziwo kosalekeza. Cholinga n'chakuti thupi litsike kufika pa madigiri 102 a Fahrenheit pasanathe mphindi 30. Ambulansi ikafika mwana akadali wotentha, amalize kaye kuzizira kenako apite kuchipatala, chifukwa m'galimotomo mulibe choziziritsira chofanana ndi bafalo, ndipo mphindi iliyonse thupi likakhala lotentha chiwindi, impso ndi ubongo zimawonongeka. Bungwe la Korey Stringer Institute, limene linakhazikitsidwa mu 2010 ku University of Connecticut, lakhala likuphunzitsa zomwezi, ndipo oziziritsidwa mwachangu pafupifupi onse amapulumuka. Bafa lake silodula. Chomwera ng'ombe chapulasitiki chimagwira ntchito, ndipo chikasowa, lona wogwiridwa m'makona ndi anthu anayi, mwana pakati, madzi ndi ayezi pamwamba. Chachikulu n'chakuti madzi akhale atathiridwamo kale masewera asanayambe, ayezi ali m'mabokosi pambali. Bafa louma lokhala m'sitolo yokhoma silinapulumutsepo munthu.

Palinso kugwa kwina kofanana nako koma kosiyana gwero. Mwana amene anatengera mbali imodzi ya matenda a sickle cell kwa kholo limodzi amakhala wathanzi, amasewera bwinobwino, koma akathamangitsidwa mwamphamvu mobwerezabwereza popanda kupuma, maselo ake ofiira amapindika n'kutseka timitsempha ta m'minofu. Pakati pa anthu akuda a ku America, pafupifupi mmodzi pa 13 alionse amabadwa nacho. Mwana wotere amagwa koyambirira, mwina patangotha mphindi zochepa, thupi lisanatenthe n'komwe. Amati miyendo yalefuka, amapuma mwabefu, koma mukagwira minofu yake siilimba ngati ya wogwidwa ndi kukokana kwa minofu. Musamuuze kuti adzuke amalize. Mupumitseni, muitane chithandizo. Makoleji a gawo lapamwamba la NCAA, bungwe loyendetsa masewera a makoleji, anayamba kufunsa za ichi mu 2010. Kusekondale funsani makolo pafomu ya dokotala, poti ana obadwira m'dzikomo amayezedwa akangobadwa.

Apa ndinene maganizo anga, ngakhale makochi achikulire sangakondwe nawo. Chizolowezi chothamangitsa timu yonse kumapeto ngati chilango, chifukwa wina wachedwa kapena masewera sanakome, chisiyeni. Nthawi imeneyo ana atopa kale, kochi wapsa mtima, palibe amene akuwerenga kuti athamanga kangati, ndipo mwana amene akumva chizungulire sanganene poopa kuoneka wamantha pamaso pa anzake. Kulimbitsa thupi kulembedwe pandondomeko usiku wake, mutu uli wozizira. Wochedwa achepetsedwe nthawi yosewera Lachisanu, zimenezo zimamupweteka kuposa kuthamanga.

Zina zoyendetsera timu tizidutse mwachangu, koma zikhale zitatha tsiku loyamba lisanafike. Mwana wopanda fomu ya dokotala asaponde pabwalo. Zisoti zitumizidwe kokaunikidwa ndi kukonzedwa nyengo ikangotha, ndipo chisoti chimene chakwanitsa zaka 10 okonza sachilandiranso, choncho muzigula zochepa chaka chilichonse m'malo modzidzimuka zonse zitakalamba limodzi. Pa kugwedezeka kwa ubongo lamulo lilipo kale: chigawo cha Washington chinayamba mu 2009 ndi lamulo lotchedwa dzina la Zackery Lystedt, mnyamata amene anavulala kwambiri mu 2006 atabwezedwa m'bwalo, ndipo pofika 2014 zigawo zonse 50 zinali ndi lamulo lotere. Mukakayikira, mwana atuluke, asabwererenso tsikulo, adikire kalata ya wachipatala. Bingu likagunda, onse alowe m'nyumba, mudikire mphindi 30 kuchokera pa kugunda komaliza.

Musaiwale kalasi. Ku Texas, malinga ndi lamulo la mu 1984, mwana wolephera phunziro saloledwa kusewera kwa kanthawi, ndipo zigawo zina zili ndi malamulo awo ofanana nawo. Kochi wanzeru amafunsa aphunzitsi sabata iliyonse, sadikira kumva Lachinayi kuti woponya mpira wake sasewera. Ndalama zimene gulu la makolo othandiza timu limasonkha zizidutsa m'mabuku oonekera, osainira akhale awiri, ndipo inu kochi musazigwire m'manja. Akakufunsani chimene mukufuna chaka chino, mayunifolomu atsopano adikire. Tchulani WBGT, bafa, makina opangira ayezi, ndi malipiro a athletic trainer ngati sukulu ilibe.

Makina odzutsa mtima a AED akhale pabwalo pomwepo. Dziko lonse linaona pa 2 Januwale 2023 ku Cincinnati pamene Damar Hamlin wa Buffalo Bills anagwa mtima utaima, ndipo anapulumuka chifukwa omuthandiza ndi makinawo zinali pafupi. Tsiku limodzi ana asanabwere, itanani makochi onse pabwalo muyeserere. Mmodzi agone pansi ngati wakomoka, wina agwire wotchi. Muone amene akuimba foni ngati akudziwa adiresi ya bwalo ndi geti loyenera, amene akuthamangira AED ngati abwera pasanathe mphindi zitatu, ndiponso ngati anthu anayi angathe kunyamula mnyamata wa makilogalamu 130 mpaka pabafa. Kenako funsani kuti kiyi wa geti lolowera ambulansi amasunga ndani, ndipo munthuyo amakhala ali kuti nthawi ya masewera.