Mmene Kholo Lingaganizire Pempho Loti Mwana Wodwala Alowe M'kafukufuku wa Zachipatala

Mwana akagonekedwa m'chipatala ndi matenda aakulu monga malungo a muubongo, chibayo kapena khansa ya m'magazi, nthawi zina dokotala kapena namwino amafika pabedi n'kupempha kuti mwanayo alowe m'kafukufuku. Pempholi limakupezani mtima uli m'mwamba, ndipo n'kosavuta kusaina musanamvetse kapena kukana chifukwa cha mantha okha. Musafulumire kuyankha. Kafukufuku wa ana ndi wofunika, pakuti chiwindi ndi impso za khanda sizichotsa mankhwala m'thupi msanga ngati za munthu wamkulu, ndipo m'zaka za m'ma 1950 makanda ambiri anamwalira ndi mankhwala a chloramphenicol chifukwa mlingo wake unali usanayesedwe bwino pa makanda. Komabe chilolezo chili m'manja mwanu, ndipo muyenera kuchipereka mutamvetsa.

Choyamba funsani kuti akuyerekezera chithandizo chiti ndi chiti. M'kafukufuku wambiri ana amagawidwa m'magulu awiri mwamaere, kudzera pa kompyuta, kotero dokotala sangakulonjezeni gulu limene mwana wanu adzakhalemo. Amatero chifukwa iyenso sakudziwa chithandizo chopambana, ndipo akanachidziwa sipakanafunika kafukufuku. Umu ndi mmene anayendetsera kafukufuku wa AQUAMAT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010: mwa ana 5,425 a m'mayiko 9 a mu Africa odwala malungo aakulu, pa ana 100 alionse opatsidwa kwinini ankamwalira pafupifupi 11, pamene pa opatsidwa artesunate ankamwalira 8 kapena 9, ndipo mu 2011 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linasintha malangizo ake kuti ana otere azipatsidwa artesunate m'malo mwa kwinini. Ngati atchula za mankhwala ongofanizira, opanda mphamvu, funsitsani ngati mwana adzalandirabe chithandizo chodziwika kale, chifukwa pa matenda oika moyo pachiswe sayenera kumanidwa chithandizocho.

Kenaka funsani kuti ndani anavomereza kafukufukuyo ndipo ndani akumuyang'anira. Malamulo a Helsinki, otsogolera kafukufuku wa zachipatala pa anthu, amene bungwe la madokotala la World Medical Association linakhazikitsa mu 1964 n'kuwakonzanso kangapo, amafuna kuti komiti yoima payokha iunike kafukufuku asanayambe. Pa matenda aakulu pamakhalanso gulu lina la akatswiri loona zotsatira kafukufuku ali m'kati. Ine ndimaona kuti funso limeneli ndi lolemera kuposa ena onse. Mu 2011 gulu lotere linaimitsa kafukufuku wa FEAST ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, wa ana oposa 3,000, litaona kuti ana otentha thupi kwambiri amene ankapatsidwa madzi ambiri a m'diripi mofulumira ankamwalira ochuluka kuposa anzawo, ngakhale kuti madokotala ambiri ankakhulupirira njirayo.

Funsaninso zimene zidzachitike pathupi la mwana tsiku ndi tsiku: adzamutenga magazi kangati ndiponso ochuluka bwanji, adzamutenga madzi a pamsana kapena ayi, magaziwo adzasungidwa kuti, mudzabwerera kuchipatala kangati mukatuluka, ndiponso ndani adzalipira chithandizo ngati mankhwalawo amuvulaza. Ndalama zoyendera zimene angakupatseni n'zongobweza zimene mwawononga, zisakhale chifukwa chovomerera.

Chikalata cha chilolezo chikhale m'chinenero chimene mumamva bwino. Ngati kuwerenga kukuvutani, pakhale mboni yosakhala m'gulu la ofufuza, imve zonse zikuwerengedwa musanadinde chala, ndipo mutenge chikalata chanu chokhala ndi nambala ya foni ya komiti ija. Mwana wosinkhukirapo, m'mayiko ambiri kuyambira zaka 7, afotokozeredwe m'mawu osavuta ndipo naye afunsidwe maganizo ake.

Mukakana, mwana wanu ayenera kulandira chithandizo chonse monga mwa masiku onse, ndipo mukavomera muli ndi ufulu womutulutsa nthawi iliyonse popanda kupereka chifukwa, kungoti uzani dokotala kaye, poti mankhwala ena sasiyidwa mwadzidzidzi. Mwana akalowa, sungani bwino khadi lake la kafukufuku, ululani mankhwala ena alionse amene akumwa kuphatikizapo azitsamba, ndipo mukaona zidzolo, kusanza, kukomoka kapena kulephera kuyamwa, dziwitsani ofufuzawo tsiku lomwelo osadikira tsiku limene anakulemberani.