Njuchi zikamathawa mumng'oma nthawi yotentha

Alimi a njuchi anzanga a ku Chikwawa ndi Nsanje, Okutobala akafika maluwa amasowa, dzuwa n'kumapitirira madigiri 40. Apa m'pamene njuchi zimasamuka. Ine ndinaluza ming'oma iwiri ndisanadziwe izi.

Kuti zisathawe ndi njala, zipatseni madzi a shuga. Sungunulani kapu imodzi ya shuga woyera mu kapu imodzi ya madzi ofunda, azizire. Musakoleretse ngati manyuchi. Njuchi zimakonda timadzi ta m'maluwa tokhala ndi shuga wa pakati pa 30 ndi 50 pa 100 alionse, ndipo tolimba kwambiri zimavutika kuyamwa. Molasi ndi shuga wofiira ayi, zimatsegula nazo m'mimba.

Thirani mu kambale, muikemo timiyala kapena tizitsotso kuti zizitera osamira. Kambaleko kalowe mkati mwa mng'oma madzulo, chifukwa panja kamaitana nyerere ndi njuchi zakuba.

Madzi wamba nawo musaiwale, beseni pamthunzi pafupi ndi ming'oma. Zimaziziritsira ana awo, ndipo amayi kumjigo sadandaulanso zolumidwa.

Maluwa akayamba, siyani shuga. Uchi wogulitsa ukhale wa maluwa enieni.